Mafunso ndi mayankho: kuchoka pa kuwerenga kufika pa kulemba nkhani za sayansi ndi zodabwitsa

Ndimaphunzitsa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Madzulo ndikamaliza kuchonga makope a ana ndimalemba nkhani zopeka: za anthu okhala m'zaka zimene sizinafike, za midzi imene palibe pa mapu, za njoka zokhala ndi mafumu awo pansi pa mapiri. Achinyamata amene anazitulukira amandiimitsa pamsika ndi m'chapa, ena amandipeza pa WhatsApp usiku. Mafunso awo ndi omweomwewo, choncho ndawasonkhanitsa pano. Ndawasiya mmene anafunsidwira, ngakhale aja ondinyogodola.

Aphunzitsi, nkhani za sayansi ndi nkhani za zodabwitsa zimasiyana pati?

Zonse ziwiri zimabadwa ndi funso limodzi lakuti "Nanga zikanakhala kuti...?" Kusiyana kuli pa chimene chikuyendetsa chodabwitsacho. Munthu akauluka kuchoka ku Furancungo kukafika ku Beira usiku umodzi chifukwa wapanga makina a mapiko oyendera batire, wolemba n'kutiuza kuti batireyo imatha pakapita maola angati, imeneyo ndi nkhani ya sayansi, ija m'Chipwitikizi amati ficção científica. Akauluka pa lichero chifukwa agogo ake anamutemera mphini, ndi nkhani ya zodabwitsa, fantasia. Yoyamba imalonjeza kuti siiswa malamulo a chilengedwe amene tikuwadziwa, ingowakokera patali. Yachiwiri imadzipangira malamulo ake, kenako n'kuwamvera.

Pa kumverapo ndi pamene oyamba kumene ambiri amagwera. Amapatsa mnyamata wa m'nkhani mphamvu zonse, zaulere. Akakumana ndi mkango akusanduka mphepo, akatsekeredwa akuboola khoma, njala ikamuwawa nsima ikubwera yokha. Pofika tsamba lachitatu wowerenga wayamba kuyasamula, chifukwa munthu amene sangagonje sitimuderanso nkhawa. Akuluakulu athu ankazidziwa izi. M'nthano, ng'oma yotulutsa chakudya imabwera ndi mwambo wake, ndipo tonse timadikira tsiku limene Fisi adzauphwanye. M'mphekesera za kukhwima, chuma chimafuna chizimba, ndipo chizimbacho chimawawa. Chodabwitsa chilichonse chikhale ndi mtengo wake, wina aulipire ife tikuona.

Inuyo munayamba bwanji?

Ndi buku lopanda chikuto. Nkhondo itakula kwathu kufupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1986, tinathawira ku Malawi monga anachitira anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ine a e i o u ndinaphunzirira ku Dedza. Ndili Sitandade 6, mayi anandituma mandasi. Wogulitsa anandikulungira m'pepala la Chingelezi long'ambidwa m'buku. Pepalalo linkakamba za anthu a m'chombo chimene chakhala chikuyenda mumlengalenga kwa mibadwomibadwo, mpaka ana obadwiramo sakhulupiriranso kuti kunja kuliko dziko. Ndinabwerera kwa mayi wa mandasi uja kukapempha chotsala cha bukulo. Anandipatsa nditamutungira madzi ndowa ziwiri. Koyambirira kunali kutapita kale ndi mandasi, kumapeto nakonso. Mpaka lero dzina la bukulo ndi la amene analilemba sindinalipeze.

Chingelezi changa chinali chotsimphina, mawu ena ndinkangowalumpha. Koma chinandisowetsa tulo n'chakuti ana a m'chombo aja anali ngati mng'ono wanga, wobadwira kothawako, amene tikamamuuza za dimba lathu la ku Domwe ankayesa tikumuimbira nthano. Ndinkafuna kudziwa ngati anafika. Poti panalibe wondiuza, ndinalemba ndekha mathero kumbuyo kwa kope la masamu. Mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ife tinabwerera chaka chotsatira, kope lija lili m'kati mwa mtolo wa zofunda. Mng'ono wanga ataona phiri la Domwe anafunsa kuti tidzabwerera liti kwathu.

Ndimakonda kuwerenga koma sindinalembepo kanthu. Kuwerenga pakokha kungandisandutse mlembi?

Ayi. Koma sindinaonepo mlembi amene sawerenga, kupatula aja amalemba ndakatulo imodzi yachikondi n'kupuma.

Nkhani imene yakugwirani mtima iwerengeni kawiri. Koyamba idyeni, musaganize kanthu. Kachiwiri ichiteni zimene amachita makaniko wa njinga zamoto pamsika: kumasula, kuyala zitsulo pansi, kuona chimene chimazunguza chinzake. Tengani pensulo. Chongani pamene munayamba kukhulupirira dziko la m'nkhaniyo. Nthawi zambiri mudzapeza kuti si pamene wolemba anafotokoza mbiri ya ufumu wonse, koma pa kanthu kakang'ono, monga mtengo wa mchere kapena mawu amene mayi amakalipira nawo mwana. Chonganinso pamene munatopa, n'kudzifunsa chimene chinakutopetsani. Buku loipa limaphunzitsa msanga kuposa labwino, chifukwa misoko yake imaonekera.

Mukatero tsekani bukulo musanafike mutu womaliza, mulembe mathero anu, kenako muyerekeze ndi a mwini wake. Ine zinandichitikira mwangozi. Inu chitani dala.

Kuno mabuku ndi osowa. Ndiwapeze kuti, nanga ndiwerenge ati?

Tisanamizane, ndi osowadi, ndipo a mtundu uwu m'chinenero chathu ndi owerengeka. Funsani kusukulu ndi kuparishi, nthawi zina kumakhala kabati imene palibe anaitsegula kwa zaka. Amene mumadutsa pa Calómuè kapena pa Zóbuè, yang'anani kwa ogulitsa mabuku akale m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Ngati muli ndi foni ndi timamega tochepa, Project Gutenberg ili ndi mabuku akale aulere, ena a Jules Verne ali m'Chipwitikizi, ndipo magazini ya pa intaneti ya Omenana, imene inayamba mu 2014, imasindikiza nkhani za mtundu uwu zolembedwa ndi Aafirika. Dawunilodani usiku, muwerenge masana.

Mabuku oti ndikulozereni ndi ochepa, ndipo lililonse lili ndi chifukwa chake. Frankenstein, la Mary Shelley, linatuluka mu 1818, ndipo analiyamba ali ndi zaka 18. Ndimalitchula kwa aja amati akadali ana. Azotus the Kingdom, la Shadreck Chikoti wa ku Malawi, likunena za Africa wa zaka 500 zikubwerazi, ndiye umboni woti munthu woyankhula chinenero chathu anaidutsa kale njirayi. The Old Drift, la Namwali Serpell wa ku Zambia, linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020, ndipo mtsinje wake ndi Zambezi wathu yemweyu. Terra Sonâmbula la Mia Couto, la mu 1992, si la sayansi, koma lidzakuonetsani mmene akufa ndi amoyo amayendera msewu umodzi wolemba osapepesa kwa aliyense.

Musanyoze zina zonse zolembedwa: buku la Biologia, kapepala ka m'bokosi la mankhwala, malangizo a pa botolo la mankhwala a mbewu, nyuzipepala yakale. William Kamkwamba wa ku Kasungu anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, ataona zithunzi m'buku la mulaibulale yaing'ono ya ku Wimbe.

Koma zimenezi si za azungu? Ku Tete kulibe maroketi.

Funso ili limandipsetsa mtima pang'ono, choncho mundilole nditalikitse.

Mu Julaye 1969 anthu awiri a ku America anaponda pa mwezi pa ulendo wa Apollo 11. Chaka chomwecho, ku Songo, ntchito yotseka Zambezi inayamba. Khoma la Cahora Bassa, lotalika mamita 171, linatha mu 1974, madzi n'kubwerera m'mbuyo makilomita pafupifupi 250 kulowera ku Zumbo, kumiza minda, midzi ndi manda. Ambiri mwa magetsi ake amayenda pa nthambo makilomita opitirira 1,400 kukatsikira ku South Africa, pa siteshoni imene dzina lake ndi Apollo. Pansi pa nthambozo mwana akuwerenga ndi tochi ya foni kapena koloboyi. Wophunzira wanga akanandibweretsera zimenezi ngati nkhani yopeka, ndikanamulembera m'mbali kuti wawonjeza mchere.

Pitani ku Moatize. Malasha amene akukumbidwa kumeneko ndi nkhalango zimene zinamera zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, Africa isanapatukane ndi India ndi South America. Lero sitima zimawanyamula kudutsa m'Malawi kukafika ku doko la Nacala, ena n'kukathera ku India komweko. Kuti mgodi ukule, mabanja anasamutsidwira ku Cateme. Nkhalango yakufa kalekale inasamutsa mudzi wamoyo.

Bwererani m'mbuyo. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, cha kufupi ndi Zumbo monga mbiri imanenera, ndipo tsikulo dzuwa linada masana. Tikudziwa mwezi ndi chaka chifukwa agogo anasunga nkhani ya kadamsanayo pakamwa, odziwa zakuthambo n'kuwerengetsa chobwerera mpaka kuipeza. Angoni athu a kuno ndi a Maseko, gulu lina, musawasakanize m'nkhani yanu, akuluakulu angakudzudzuleni.

Tsopano ikani funso lija pamwamba pa zimenezi. Nanga mu 2090 nyanja ya Cahora Bassa itaphwa, mudzi womizidwa n'kuonekera, malowo ndi a yani, zidzukulu za osamutsidwa kapena kampani? Nanga mbewu ya chimanga itamabwera yokiya, yosamera mpaka utatumiza ndalama pa foni, mlimi wa ku Tsangano netiweki n'kumuthawa sabata ya mvula yoyamba? Nanga kutentha kwa mu mzinda wa Tete, kumene kumapitirira kale madigiri 40 mu Okutobala, kutafika poti anthu azigona masana n'kumagwira ntchito usiku, maukwati ndi maliro azichitika nthawi yanji? Palibe roketi m'mafunso amenewa, ndipo wa ku London sangawalembe monga mungawalembere inu.

Ndingatenge nthano za agogo, za Gule Wamkulu ndi za ufiti?

Nthano tengani, ndi chuma chanu. Koma musangozikopera, zifunseni mafunso. Taonani ya Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama m'malire athu ndi Malawi. Mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika ndi mvula pamodzi ndi nyama zonse, mapazi awo n'kudindika pathanthwe. Ankakhala mwamtendere ndi Chauta mpaka munthu anapeka moto. Tchire linayaka, nyama zinathawa n'kusanduka adani ake, Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Imeneyi ndi nkhani ya luso latsopano ndi mtengo wake. Makolo athu anaipeka kalekale makina asanabwere. Ndani anailembapo kuchokera kwa mkazi uja, amene mwina anachenjeza? Kapena kuchokera kwa galu, amene anasankha kutsalira kwa munthu? Palinso Napolo, njoka ya pansi pa phiri imene ikasamuka imagumula mapiri ndi midzi. Palinso ufumu wa Undi, umene likulu lake lakale linali ku Mano, m'chigawo chathu chino, ngakhale lero Achewa amapita ku mwambo wa Kulamba kwa Gawa Undi ku Mkaika, ku Katete m'Zambia, mwezi wa Ogasiti. Amene mukufuna mafumu, nkhondo ndi amalonda a minyanga, simukusowa kubwereka nyumba zachifumu za kunja.

Za Gule ndiyankha mosazungulira. UNESCO inamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse, koma zimenezo sizinatsegule dambwe. Zimene aliyense amaona pabwalo, fumbi, ng'oma, ana kuthawa, amayi kuyankha nyimbo, lembani. Za kudambwe, ngati munalowa mukudziwa kale kuti sizilembedwa, ngati simunalowe mudzalemba zabodza n'kudziputira mlandu kwa mfumu. Njira yabwino ndi kupeka gulu lanulanu, la dziko la m'nkhani yanu, ndi miyambo yake. Mphamvu ya chinsinsi m'nkhani ili pa kusachiulula.

Ufiti umafuna dzanja losamala kwambiri. Kwa wowerenga wakutali, lichero louluka ndi zosangalatsa chabe. Kuno mawu oti "mfiti" amagwetsa nyumba ya gogo weniweni. Mu 2017 mphekesera za opopa magazi zinaphetsa anthu kummwera kwa Malawi, ndipo zinabweretsa chipolowe ku Zambézia. Choncho musalembe mfiti imene anthu a m'mudzi mwanu angailoze chala n'kunena kuti ndi uje. Ndipo dzifunseni chifukwa chake mfiti ya m'nkhani yanu ili nkhalamba yosauka, osati bwana wa galimoto.

Física inandivuta kusukulu. Ndingalembe za sayansi?

Mungathe. Simukulemba mayeso. Chofunika ndi kudziwa bwinobwino chinthu chimodzi chimene nkhani yanu yatsamira, n'kuchilola kuti chivutitse anthu anu. Uthenga wa wailesi kuchoka pa Mars kufika kuno umatenga mphindi pakati pa 3 ndi 22, malinga ndi pamene maiko awiriwa ali. Ndiye kuti mnyamata wa ku Macanga amene wapita kukagwira ganyu kumeneko sangakangane ndi mkazi wake pa foni. Akanyoza, ayenera kukhala ndi mawu akewo mpaka yankho lifike, mwina atapepesa kale mumtima. Nkhani yabadwa pamenepo. Pa mwezi, thumba la feteleza la makilogalamu 50 lingalemere ngati makilogalamu 8 a kuno. Mtsikana wobadwira kumeneko akabwera kudzaona agogo ake, ndowa ya madzi aisenza bwanji, nanga apongozi adzati chiyani?

Zimene simukuzidziwa kafunseni. Namwino, mlangizi wa zaulimi, wokonza masola ndi woyendetsa sitima amakonda kufotokoza ntchito zawo kuposa mmene mukuganizira. Safunsa anadya phula.

Ndilembe m'Chichewa, m'Chipwitikizi kapena m'Chingelezi?

Lembani m'chinenero chimene anthu a m'nkhani yanu amakalipirana nacho. Kwa ine ndi ichi. Chipwitikizi ndinachiphunzira mochedwa, titabwerako kothawa nkhondo, ndipo ndikalemba m'menemo anthu anga amayankhula ngati ali pa mzere ku ofesi ya boma. Inu amene munakulira mu mzinda wa Tete, pakati pa Chinyungwe ndi Chipwitikizi, mwina zili mosiyana. Chipwitikizi chidzakufikitsani ku Maputo, Luanda ndi Brazil, Chingelezi ku magazini ambiri ndi ku mipikisano. Koma kumeneko alembi ndi ochuluka ngati mchenga, pamene mwana wa ku Chifunde wofuna nkhani ya m'tsogolo m'chinenero cha mayi ake alibe poyambira. Owerenga alipo: Chinyanja chinalowa m'kalasi kuno ku Tete pa kuyesera kophunzitsa m'zinenero ziwiri kotchedwa PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro a zinenero ziwiri anapitirira pambuyo pake. Onjezani a ku Malawi, a kummawa kwa Zambia ndi a ku Niassa.

Za "c" ndi "ch" zisakugonetseni ndi njala. Kalembedwe ka ku Mozambique ndi ku Zambia kamati cinthu, ka ku Malawi kamati chinthu, ndipo amene anakulira pa Buku Lopatulika lakale anazolowera Macitidwe ndi Cibvumbulutso. Sankhani kamodzi, mukhale nako kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Nanga mawu a zinthu zimene kulibe, monga makina oganiza okha?

Mverani mmene anthu amatchulira chinthu chachilendo chikafika m'mudzi. Ena amangotenga dzina lake n'kulipinda: foni, sola, batire, loboti. Ena amachitcha ndi chimene chikufanana nacho: njinga yamoto, sitima ya pamtunda, wailesi ya kanema. Palibe amene anadikira komiti. Loboti yolima itafika ku Tsangano, mwezi usanathe ana adzakhala ataitcha Sagona kapena Chosatopa, ndipo amayi adzaiyimbira nyimbo pamtondo. Dzina limenelo ndi limene lilowe m'nkhani. Dzina lalitali la kufakitale lisiyireni munthu mmodzi wodzimva, woyankhula Chipwitikizi cha m'mphuno, kuti owerenga amuseke.

Kunyumba akuti ndi mabodza, ena kutchalitchi akuti ndi za mdima.

Bodza limafuna kuti ulikhulupirire. Nthano imayamba ndi "Padangokhala", onse n'kuyankha "Tili tonse", aliyense akudziwa kuti Kalulu sayankhula. Kwa a kutchalitchi, atsegulireni Oweruza mutu 9, pamene mitengo inapita kukadzoza mfumu yawo. Koma ayankheni mwaulemu, ndipo ntchito za pakhomo muzimalize kaye.

Muli ndalama m'menemu?

Zochepa, ndipo zimachedwa. Mphoto zilipo, monga za Nommo zimene zinayamba mu 2017 za nkhani za mtundu uwu za Aafirika, ndipo ku Maputo kuli bungwe la alembi la AEMO kuyambira 1982. Koma munda wa mbatata musausiye. Wina akakuuzani kuti mulipire mametikali masauzande kuti akusindikizireni ndi kukutchukitsani, funsani kaye kuti mabuku amene anasindikiza kale akugulitsidwa pati.

Ndamaliza nkhani yanga yoyamba. Ndichite nayo chiyani?

Choyamba, ngati ndi buku la mitu 40 la mafumu asanu ndi awiri, liikeni m'sutikesi, mulembe ya masamba asanu: munthu mmodzi, chodabwitsa chimodzi, mtengo umodzi woti alipire. Mukaimaliza isiyeni milungu iwiri osaiyang'ana.

Kenako iwerengeni mokweza pamaso pa anthu. Ife tili ndi mwayi umene alembi a kwina alibe, chifukwa anthu athu anazolowera kumvera nkhani ndi makutu, ndipo sabisa nkhope. Musasankhe anzanu okukondani okha. Itanani mlamu wanu, mwana wa zaka 12 ndi gogo mmodzi. Musawafunse ngati yakoma, adzati yakoma. Yang'anani pamene wina watulutsa foni, pamene mwana wasiya kutokosa moto, pamene gogo wafunsa kuti "Ndiye anatani?" Mukakonza, ijambuleni mawu pa foni n'kuitumiza m'magulu a WhatsApp, kapena kagogodeni ku wailesi ya m'dera lanu, chifukwa nkhani ya mphindi khumi m'Chinyanja imafika kumene pepala silifika.

Yanga yoyamba imene ndinawerengera anthu inali ya mudzi wa pansi pa nyanja ya Cahora Bassa. Masamba atatu oyambirira ndinafotokoza mmene anthuwo amapezera mpweya, ndi manambala ake, ndikunyadira. Alamu anga anagona pa tsamba lachiwiri, chipewa chili kumaso. Anadzidzimuka pamene mtsikana wa m'nkhaniyo anaba ngale ya mpweya ya amalume ake kuti akaone dzuwa, n'kufunsa kuti, "Nanga amalumewo apuma chiyani?" Usiku womwewo masamba atatu aja ndinayatsira mbaula, nkhani n'kuyambira pa kubapo.